Mwendo wa Esinala m'Buku la Mkulu Wake

Khalani pansi ana inu. Ine msana wandikana kale, ndipo nkhani iyi sifuna liwiro.

Ku Luchenza kunali mayi wina dzina lake Dolika, wolemba mabuku a nthano zachikondi zoseketsa. Mabuku akewo ankayenda m'manja mwa anthu mpaka zikuto kuthothoka. Koma onse anali ngati ana a mimba imodzi: mtsikana woyera khungu wa m'tauni, mnyamata wamtali wa galimoto, kukangana pang'ono, kenako ukwati. Wolumala akapezekamo, ntchito yake inali kugwa m'matope kuti owerenga aseke. Mwiniwakeyo zinali zitamutopetsa, koma ankangoti, "Nanga nditani, ndi zomwe anthu amakonda."

Dolika ankakhala ndi mng'ono wake Esinala, telala wa pakhonde la sitolo. Esinala anapuwala mwendo ali wakhanda, ndipo ankayendera ndodo. M'nyumba imeneyo mwendowo sunkatchulidwa. Mayi awo ndiwo anakhazikitsa zimenezi poganiza kuti ndi chikondi, ndipo anamwalira lamulolo lili chilili. Awiriwa analibenso m'bale wina. Dolika ankadalira mng'ono wake pa zonse.

Tsiku lina Esinala anatseka buku latsopano la mkulu wake, nausa moyo.

"Achemwali, kodi m'dziko lanu la m'mabukuli anthu ngati ine safunsiridwa?"

 Funsolo linamubaya Dolika, chifukwa masiku omwewo Esinala anali pa chibwenzi ndi Layisoni, mnyamata wakabaza, ndipo za chinkhoswe zinali zitayamba kukambidwa. Dolika anatsimikiza mumtima kuti alemba buku la chikondi cha awiriwa, likhale mphatso yopukutira manyazi akewo.

Koma kuti alembe, anayenera kudziwa mmene chibwenzicho chinayambira. Ndipo kuti afunse, anayenera kutchula mwendo uja. Apa pakamwa panalemera. Ankafika pakhomo la chipinda cha mng'ono wake, n'kubwerera ngati waiwala kanthu.

Potsiriza anapita kwa mnzake Nachanza, mayi wokongoletsa maholo a maukwati, amene ankasoketsa nsalu zake kwa Esinala.

"Anzanga, mukapita kokasoketsa mukandimverereko. Mukamufunse bwinobwino mmene anakumanirana ndi mnyamatayo."

"Zimenezo zokha? Siyirani ine," anatero Nachanza.

Tsono ana inu, Nachanza sanali munthu woipa ayi. Koma ntchito yake inali yobisa ming'alu ya makoma ndi nsalu ndi maluwa, ndipo pakamwa pake panazolowera zomwezo. Anakakhaladi pakhonde paja, makina akulira, iye akulongolola zake. Anatolapo mawu awiri okha, njinga ndi msika. Zotsalazo anakongoletsa yekha m'njira.

"Mayi inu, nkhani yake ndi yogwetsa misozi!" anatero pobwera. "Mnyamata anamuona akuvutika panjira ya kumsika, anamumvera chisoni, n'kumukweza panjinga. Mtsikana misozi chuchuchu, akuti, 'Ndani angandikonde ine?'"

Dolika analemba zomwezo. Pofuna kukometsa, anawonjezera kuti pa tsiku la ukwati mtsikanayo anataya ndodo n'kuvina. Buku linasindikizidwa, linapita m'masitolo, iye osamuonetsa Esinala, ati akamudzidzimutse.

Pa chinkhoswe, anthu atadzaza bwalo, Dolika anaimirira nayamba kuwerenga. Mayina anali atasintha, koma telala wa ndodo ndi mnyamata wakabaza, ndani akanasokonezeka? Azakhali a Layisoni anayimba nthungululu.

"Mwana wathu ndi wachifundo! Ena akanangomudutsa ameneyu!"

Layisoni anazolika. Dolika atakweza maso, anaona mng'ono wake akudzuka pang'onopang'ono, atatsamira ndodo.

"Achemwali, taimani kaye. Wandimvera chisoni ndani? Uyu? Uyu anandigwetsera m'ngalande ndi chinjinga chake chopanda mabuleki. Ndinamukwapula ndi ndodo yomweyi msika wonse ukuona. M'mawa mwake anabwera ndi buluku long'ambika kuti ndimusokere. Mkuja linanso. Ankang'amba dala! Ake atatha anayamba kung'amba a anzake, mpaka eni ake anabwera kudzandidandaulira kuti, 'Muloleni chonde, tikuyenda maliseche.' Ndinamukana mpaka dzinja linatha."

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Ngakhale Layisoni anaseka atagwira kumaso. Dolika yekha ndiye sanaseke. Chiseko chotere mabuku ake onse anali asanachipezepo, ndipo nkhani yake inali m'nyumba mwake momwe. Zinamupweteka kwambiri.

Esinala anadikira kuti phokoso lizizire.

"Ndipo ndodo iyi sindikuitaya. Akundikwatira nayo. Kani kuti mundipatse mwamuna m'buku mwanu munayenera kundichiritsa kaye?"

Esinala anayang'anitsitsa mkulu wake, napitiriza.

"Timagona nyumba imodzi, achemwali. Zitseko zathu n'zoyang'anizana. Munalephera kugogoda?"

"Ndinatuma munthu," anayankha Dolika.

"Munatuma munthu," anatero Esinala, nakhala pansi.

Ukwati unachitika ndithu. Koma buku likatuluka silibwezedwa. Linali litafika kale kutali, kumene mawu a pa chinkhoswe aja sanafike. Anthu osamudziwa ankaima pakhonde la sitolo kudzaona "wa m'buku uja". Amayi ena ankamugwira dzanja n'kumuuza kuti azithokoza Mulungu pomupatsa mwamuna wachifundo. Ana a sukulu ankakuwa akamadutsa, "Tayani ndodo muvine!" Esinala anapirira, kenako anatopa. Iye ndi Layisoni anamanga makina aja panjinga n'kusamukira ku Balaka.

Tsiku lonyamuka Dolika anapita kukapepesa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anautchula mwendowo, nafunsa ngati udzapirire ulendo wautali chotero.

"Funso limeneli ndinalidikira kuyambira tili ana," anatero Esinala. "Mwachedwa nalo. Tsalani bwino."

Dolika anakalamba yekha m'nyumba ija. Nachanza naye dzina lake linafa, Luchenza yense ankangomutchula kuti Kandimverere. Ndiye mukamva akuluakulu akunena kuti, "Kandimverere anakanena za m'maluwa," gwero lake ndi limeneli.

Tanthauzo lake n'lakuti wotumidwa kukamva nkhani m'malo mwako amabwera ndi zokometsera, zenizeni atazisiya komweko. Ukafuna kudziwa za munthu, makamaka ukafuna kumuyankhulira pagulu kapena kumulemba m'buku, pita wekha ukakhale naye pansi, umufunse ngakhale funsolo likhale lolemera. Mwini nkhani akadali moyo, usatume khutu la wina.