Msilikali Amene Anaidziwa Ndege M'chifunga

Panali msilikali wina amene anatumizidwa kukalondera chilumba chakutali, kudziko la eni. Ntchito yake inali kukhala pa mfuti yaikulu yogwetsera ndege, ya mipope iwiri, yolavula zipolopolo zambirimbiri munthu asanameze n'komwe malovu. Lamulo linali limodzi: ndege iliyonse yoyandikira aifunse pa wailesi. Ikapanda kuyankha, aigwetse.

Mkuluyu anachoka kwawo atayambana ndi mwana wake wamkazi. Anamukanira mwamuna amene mwanayo anamukonda, ndipo ku ukwati sanapondeko. Atafika pachilumbapo mtima unayamba kumutsutsa, choncho analemba kalata yopepesa. Foni kumeneko sinkagwira. Makalata ankabwera Lachinayi lililonse pa helikoputa yochokera pa sitima yankhondo imene inaima pakati pa nyanja.

Ndiye Lachinayi likafika, chakudya sichinkamulowa. Ankatchera khutu kunyanja kuyambira m'mawa, anzake n'kumamuseka.

"Achimwene, khutu limenelo lidzathothoka tsiku lina!"

Ndegeyo ikatera ankathamangira thumba la makalata ngati kamwana, munthu wa imvi zake, n'kubwerako chimanjamanja. Miyezi isanu ndi iwiri inatha choncho. Anamusowa mwana wake, ndipo zinkamupweteka.

Tsiku lina Lachiwiri kunagwa chifunga choti sungaone ngakhale nsonga ya mfuti. Makina oonera ndege patali anasonyeza kuti kukubwera chinthu. Anafunsa pa wailesi katatu, koma kunali zii.

Mkulu wa asilikali anakuwira msilikali uja, "Sajeni, wombani!"

"Bwana, iyi ndi yathu."

"Yathu imabwera Lachiwiri? Mwaiona?"

"Sindinaione, bwana, ndaimva. Yathu imatsokomola ikayamba kutsika. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuimvetsera."

"Mukalakwitsa tafa tonse pano."

Msilikali uja anachotsa manja pa mfuti, n'kuwaika pamaondo.

Posakhalitsa ndege inatulukira m'chifunga ikufuka utsi. Inali yawo ndithu. Adani anali ataiwombera kwina, wailesi yake n'kufa, ndipo inkangofuna potera. Munatuluka anthu khumi ndi mmodzi, ena ovulala, koma onse amoyo.

Woyendetsa ndegeyo atamva zimene zinachitika anam'kumbatira msilikali uja akugwetsa misozi. "Bambo, nenani chilichonse chimene mukufuna."

Iye anafunsa motsitsa mawu, "Kodi simunanditengereko kalata?"

Woyendetsayo anapukusa mutu. Munalibe.

Inu amene mukundimvera, ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi munthu amene mwamudikira zaka, mpaka abale anayamba kukusekani. Sindikulonjezani kuti kalata idzabwera. Ya msilikali uja, ngati inafika, ine sindinamve. Koma musachite manyazi ndi kudikira kwanuko, ndipo musauumitse mtima kuti muleke kumva kuwawa. Asilikali anzake aja sankadikira munthu aliyense, n'chifukwa chake tsiku limenelo anangomva phokoso la mdani. Wanuyo akadzabwera, mwina adzabwera tsiku limene simukumuyembekezera, atavulala, osatha kuyankha ngakhale funso lanu limodzi. Mudzayambe mwamvetsera musanawombe.