Ana a Chule ndi Madzi a Utoto

Kalekale, ana anga, nyama zikadayankhula, Bilimankhwe anali wotuwa ngati phulusa. Ntchito yake inali yonyika nsalu mu utoto. Madzi otsala ankawatayira m'ngalande yopita kudziwe, kumene Chule ankalera ana ake.

Lolemba dziwe linafiira. Lachiwiri linabiriwira. Lachitatu ana a Chule anasiya kudya.

"Alamu," anatero Chule, "ana anga akudwala ndi madzi anu."

"Akudwala kapena akongola?" anayankha Bilimankhwe. "Ena akanandithokoza."

Chule anapita kwa Kakowa. Kakowa anasefa madziwo ndi nsalu. Utoto unadutsa. Kakowa anabwerera kwawo ali psuu, mkazi wake namufunsa pakhomo, "Mukufuna ndani, bambo?"

Chule anapita kwa Njovu. Njovu anathiramo madzi ena ambirimbiri ndi chitamba. Dziwe linasefukira, utoto unalowa m'dimba la Njovu yemweyo, mpiru wake wonse unafota.

Chule anapita kudzala, kwa Nkhumba.

"Mwandifika pomaliza," anatero Nkhumba. "Ndi fungoli?"

"Ndi fungolo, achimwene."

"Chabwino, bola simunama. Ine ndimagona pano. Ndaona madzi akuda akalowa m'makala, amatuluka oyera. Litsiro limakakamira m'makalamo."

Nkhumba anatola zitsononkho ndi makoko a mtedza. Anawotcha, anasinja makalawo, anawadzaza m'dengu, nalitchinga pakamwa pa ngalande. Madzi ankalowa ofiira, n'kutuluka mbee.

Chule anadikira. Tsiku loyamba, zii. Lachiwiri, zii. Lachitatu kamwana kakang'ono kanagwedeza mchira. "Ababa, njala." Chule analira, ndipo kulira kumeneko mumakumvabe kudambo.

"Makalawa akhuta utoto," anatero Nkhumba. "Akakwiriridwe kutali ndi madzi. Asenza ndani?"

Njovu ndi Bilimankhwe anali atabwera kudzaonerera. Njovu anangoyang'ana mpiru wake, kenako n'kuyang'ana Bilimankhwe.

"Ndimati ndidzipereke kale," anatero Bilimankhwe.

Anasenza dengulo. "Likangotayika, ndikukhalirani," anatero Njovu. Bilimankhwe anayenda mwendo umodzi, n'kuima. Wina, n'kuima. Dengu linkadontha pamsana pake, apa kufiira, apa kubiriwira, apa chikasu. Mpaka lero amasintha mitundu, ndipo akuyendabe choncho, diso limodzi lili kumbuyo kuyang'ana Njovu.

Nthano yanga yatula dengu pamenepa. Chimene ukutaya kumtunda, mwana wa mnzako amamwa kumunsi. Ndipo musamanyoze kudzala, ana anga: nthawi zina mankhwala amakhala komweko.