Mphuno ya a Chikwanje

Pabutchala paja panalibe munthu wotsutsana ndi mphuno ya a Chikwanje. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a pantchito chifukwa kwa zaka khumi ndi zitatu chikwanje chodulira mafupa sichinachoke m'manja mwawo, koma chida chawo chenicheni chinali mphuno. Nyama ikangotsika m'galimoto, iwo ankainunkhiza kamodzi n'kunena kuti, "Iyi yagona kunja kwa furiji." Ndipo zinkakhaladi choncho. Chilema chawo chinali chimodzi: mawu akuti "sindikudziwa" ankawatsamwa pakhosi.

Mayi mwini butchalayo ankatsegula nthambi yachiwiri, ndipo ankafuna woiyang'anira. Ntchito yaikulu ya munthuyo inali kulandira nyama kwa ogulitsa ndi kubweza iliyonse yokayikitsa. A Chikwanje udindowo ankaufuna ndi mtima wonse, pakuti msana unali utayamba kudandaula ndi kusenza miyendo ya ng'ombe. Winanso amene ankaganiziridwa anali mayi wopanga masoseji, munthu wofatsa amene anali atagwirapo zaka zinayi zokha.

Loweruka lina masana, atatseka butchala, abwanawo anatenga awiriwo kukadya ku lesitilanti yowotcha nyama. Sanali malo a mataye ayi. Matebulo anali amatabwa osayala nsalu, mipeni yamanomano, utsi wa mafuta uli tolo kuchokera kukhitchini. Ataitanitsa siteki, abwana anakankhira pepala la zakumwa kwa a Chikwanje.

"Akuluakulu ndinu pano. Tisankhireni vinyo."

A Chikwanje anali asanalawepo vinyo chibadwire. Maina a papepalalo anali achilendo okhaokha, ena oluma lilime. Mayi woperekera zakudya anaona thukuta pamphumi pawo, ndiye anawerama pang'ono n'kulankhula motsitsa mawu.

"Bambo, ndikuthandizeni? Siteki yonona ngati mwaitanitsayi imayenda bwino ndi vinyo wofiira. Tili ndi mitundu itatu, ndikhoza kukufotokozerani."

"Musavutike achemwali, izi timazidziwa," anatero a Chikwanje, chala chikuloza dzina lalitali kuposa onse.

Botolo litabwera, woperekera uja anazula chotsekera, n'kudonthezera pang'ono m'galasi la a Chikwanje okha. Kenako anaima chilili, botolo lili m'manja, kudikira. A Chikwanje anadabwa. Kodi n'kuumira, kapena ndi mmene amachitira? Kufunsa sanafune. Atanyamula galasilo, mphuno yawo inakana pomwepo: munkamveka fungo la thumba lonyowa limene laiwalika pakona. Ikanakhala nyama, bwenzi ataibweza asanaikhudze n'komwe. Koma mumtima anati, "Mwina vinyo wa anthu odziwa zinthu amanunkha chonchi. Ndine yani ine?" Anameza, tsinya analibisa, n'kugwedeza mutu.

"Ameneyu ndiye vinyo! Thirani basi."

Magalasi onse atatu anadzazidwa. Abwana anafikitsa lawo pakamwa, n'kulibweza patebulo. Mayi wa masoseji ananunkhiza kawiri, kenako anakodola woperekera uja.

"Achemwali, pepanitu, ine pa zavinyo ndine mbuli. Kodi amayenera kununkha nkhungu chonchi?"

Woperekerayo atanunkhiza anagwira pakamwa. "Ayi ndithu! Pepani kwambiri. Botololi ndi lowonongeka, chotsekera chake chinachita nkhungu. Zimachitika apo ndi apo. N'chifukwa chaketu timayamba tathira pang'ono, kuti wolawayo akamva fungo atiuze tibweretse lina. Palibe mlandu uliwonse."

"Ndiye tisankhireni ndinu, mumawadziwa," anatero mayi wa masoseji akuseka.

Vinyo amene anabwera anali wadzina lalifupi, ndipo ankatsitsa bwino mafuta a nyamayo. Abwana ndi mayi wa masoseji anadya mosangalala. A Chikwanje okha ankatafuna ngati akudya chikopa, maso ali m'mbale. Palibe anawaseka, ndipo zimenezi n'zimene zinawapweteka kwambiri.

Lolemba m'mawa abwana anawaitanira m'kaofesi ka kuseri kwa furiji.

"A Chikwanje, sindinakutchereni msampha ayi, tinangopita kukadya. Koma tandiuzani zoona. Fungo lija munalimva?"

"Ndinalimva, mayi."

"Nanga munavomereranji?"

A Chikwanje anapotokola chipewa m'manja. "Ndinaopa kuoneka wotsalira pamaso panu."

Abwana anausa moyo. "Kusadziwa vinyo si nkhani, inenso ndimachita kufunsa. Chimene chandidetsa nkhawa n'china. Kunthambi kuja kuzibwera ogulitsa ovala masuti, atanyamula mapepala a zidindo, akulankhula mawu akuluakulu amene simunawamvepo. Mphuno yanu idzakana, inu n'kugwedeza mutu kuopa manyazi. Nyama imeneyo adzadye ndi ana a eni ake."

Makiyi a nthambi yatsopano anapatsidwa kwa mayi wa masoseji. A Chikwanje anatuluka, n'kuvala epuloni yawo, n'kubwerera kukadula mafupa.

Ine bambowa amandimvetsa chisoni, chifukwa luso anali nalo lokwanira, ndipo amene akanawapulumutsa anali ataima pambali pawo, botolo lili m'manja, akungodikira funso limodzi. Ambirife tinamezapo zonunkha chonchi, pantchito ngakhale m'banja, kwinaku tikumwetulira kuti asatione umbuli. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.