Katswiri wa Kalembedwe ndi Pepala Lopinda

Bwana Thawale, mwini esiteti ya fodya, ankafuna dimba la Yotamu. Yotamu atakana, bwanayo anakamunamizira kupolisi kuti analemba kalata yoopseza kuwotcha zigafa. Kukhoti Bwana Thawale anabwera ndi katswiri wozindikira kalembedwe ka anthu.

"Ntchitoyi ndaigwira zaka makumi awiri," anatero katswiriyo. "Kalatayi analemba ndi Yotamu."

Yotamu analibe loya. Anatulutsa m'thumba pepala lopinda, mizere iwiri yokha ikuoneka.

"Bwana woweruza, mundilole ndiwafunse akatswiriwa. Nanga ili analemba ndani?"

Katswiri anavala magalasi n'kuseka. "Dzanja lake ndi lomwelo! Taonani zilembo zopotoka ngati popalasa nkhuku. Wolemba chonchi ndi chigawenga chobadwa nacho."

Bwana Thawale anamwetulira.

Yotamu anatambasula pepalalo n'kulipereka kutsogolo. Linali pepala la belo, limene woweruzayo analemba yekha sabata yapitayo, chidindo chake chili m'munsi.

Woweruza analiyang'anitsitsa.

"Umboni wa bambo awa ndaukana," anatero. "A Thawale, muli ndi mboni ina, kapena mumange ineyo?"

Mboni ina panalibe. Yotamu anatuluka ali mfulu, akuimba mluzu.