Anapiye a Tambala Wakufa

Kalekale, iwe Ndaziona, agogo a agogo ako asanamere mano, kunali mudzi wina kuseri kwa phiri. Bweza kaye mazirawo m'chisa, umve. Chiwaya sichithawa.

M'mudzimo munagwa chitopa. Chinasesa nkhuku khola ndi khola, khola ndi khola. Zinatsala ziwiri zokha, tambala ndi thadzi, za munthu wina dzina lake Kadango. Tambalayo anali wa kameta, uja wa khosi lofiira lopanda nthenga, wooneka ngati anagwera pamoto. Nkhope analibe. Koma kusamala mkazi, amuna a lerowa akadapita kukaphunzira kwa iye.

Akapeza chiswe sankadya. Ankachitola, n'kuchigwetsa, n'kuchitolanso, uku akuitana.

"Ko-ko-ko, mayi, bwerani, ndapeza."

Thadzi likadya, iye ankagwetsa phiko limodzi, n'kulikoka pansi, n'kumalizungulira. Thadzi likakana, linkangochokapo. Likafuna, linkanyonyomala. Iye n'kukwera, n'kugwira nthenga za pankhongo. Kuphethira diso kamodzi, watsika kale. Thadzi n'kudzikutumula, n'kupitiriza kupalasa ngati palibe chachitika.

Kadango ankaziona zimenezi ali pakhonde ndi mkazi wake Nangondo, onse n'kumaseka. Nangondoyo anali wa chitengwa, anasiya kwawo kudzakhala kwa abale a mwamuna. Zaka zisanu ndi ziwiri m'banja, mwana ayi. Pachitsime ankanong'onezana kuti Kadango sabereka. Ngakhale mlongo wake weniweni, Nagama, anali atataya mtima.

Tsiku lina Kadango anadwala. Lachiwiri anasiya kudya. Lachitatu anatisiya.

Adzukulu, aja okumba manda, sagwira khasu atadyera masamba okha. Nagama anagwira tambala uja, anamupha, anamusosola ndi manja ake. Mazira amene anali m'chisa anawaphikira olira maliro, osasiya ndi limodzi lomwe. M'mawa mwake mudzi unadzuka uli zii. Tambala kunalibe, ngakhale kutsidya kwa mtsinje.

Koma thadzi silinaleke. Linaikira dzira, n'kutetera. Mawa lake lina, n'kutetera. Mpaka mazira asanu ndi anayi. Kenaka linawakhalira.

"Likudzivutitsiranji?" anatero anthu. "Thadzi limaikira ngakhale popanda tambala, tonse tikudziwa. Koma mazira otere ndi madzi okhaokha. Asukusa amenewa."

Masiku omwewo Nangondo anayamba kulavula pafupipafupi. Fungo la nyemba linkamutembenuza mtima. Amayi ena anamuona akugamula dothi pachulu n'kumadya. Maso a amayi, mwana wanga, sungawabisire kanthu.

Nagama anafika masana, osakhala n'komwe pamphasa.

"Mlamu, mimbayi nja ndani?"

"Nja achimwene anu."

"Zaka zisanu ndi ziwiri ali moyo analephera. Akwanitse ali m'manda? Mwatichititsa manyazi dothi la pamtumbira lisanaume. Mawa muzipita kwanu, inu ndi chimene mwasenzacho."

Kwawo kwa Nangondo kunali kutali, ndipo amake anali atamwalira. Mwanayo akadabadwira kuchilendo, wopanda mfunda wa bambo ake. Ndipo Kadango akadagona m'manda ndi dzina lomwe lija, la munthu wosabereka. Ichi ndicho chinamupweteka Nangondo koposa.

Anamanga mtolo wake akulira. Anati atenge mazira aja awiritse, akhale kamba wa panjira. Atangopisa dzanja m'chisa, thadzi linamujompha.

"Mayi, siyani ana anga."

Nangondo anakhala pansi, nafunsa:

"Ana ati, poti tambala tinadya?"

Thadzi linaimba motsitsa mawu:

Munadya nyama, munataya mafupa,
chimene anandisungitsa simunachione.

Nangondo anagwira mimba yake ndi manja awiri. Anaimirira, napita kwa Nagama.

"Alamu, ndipita. Koma mundilole ndidikire thadzi lija lidzuke pamazira."

"Mazira opanda tambala?"

"Omwewo."

Nagama anaseka, kuseka kowawa kwa munthu amene ali pamaliro.

"Chabwino. Akaswa, mimbayo nja achimwene anga. Akasukusa, musadikire kuuzidwa kachiwiri."

Anatenga luzi, tsiku lililonse n'kumamanga mfundo imodzi.

Thadzi linakhalira. Linkatuluka kamodzi patsiku, kumwa madzi, kutola timbewu tiwiri, kubwerera chothamanga. Linkatembenuza mazira ndi mlomo, limodzi limodzi. Linaonda mpaka fupa la pachifuwa kuonekera. Nangondo naye mtolo sanamasule. Ankakhala pafupi ndi chisa akusenda chinangwa, ndipo mtima ukamuthawa ankamva kanyimbo kaja:

Munadya nyama, munataya mafupa,
chimene anandisungitsa simunachione.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha kumawawa ukakhala kuti mtolo uli pakhomo.

Masabata atatu anakwana. Dzuwa linatuluka, m'chisa muli chete. Dzuwa linafika pamutu, m'chisa muli chete. Nagama anabwera ndi luzi lake, amayi a m'mudzi akumutsata pambuyo.

"Mlamu, mfundo zakwana."

Nangondo anaika nkhata pamutu, anawerama kuti asenze mtolo.

Pomwepo panamveka kamawu kakang'ono, kunsi kwa phiko.

Piyo.

Thadzi linanyamula phiko pang'ono. Dzira limodzi linali litang'aluka, kamlomo kakugogoda m'kati. Lachiwiri nalo linang'aluka. Lachitatu. Amayi aja anakhala pansi padothi, oiwala mitondo yawo, mpaka dzuwa linapendeka. Anapiye asanu ndi awiri anatuluka. Mazira awiri omalizira kuikira anasukusadi, pakuti chosungitsa cha tambala chimatha pang'onopang'ono.

Ine ndakalamba, Ndaziona, ndaona zambiri, koma ichi chimandiimitsabe tsitsi. Tambala anadyedwa, mafupa agalu anatafuna, koma iye anali adakali m'thupi la thadzi, akulowa m'dzira lililonse tsiku ndi tsiku. Amene analenga nkhuku anaganiza mozama.

Nagama anatola kamwanapiye kamodzi. Anakayang'ana pakhosi. Panali pofiira, popanda ubweya. Anatola kena, chimodzimodzi. Khosi limenelo ankalidziwa, pakuti analigwira yekha tsiku la maliro.

Luzi lija linagwa pansi. Nagama anagwada pamaso pa Nangondo, naika chikhatho pamimba pake.

"Achimwene, kodi muli muno?"

Analira tsiku limenelo kuposa mmene analirira kumanda. Mtolo uja anaumasula yekha, n'kubwezera chilichonse pamalo pake.

Miyezi inapita. Kamodzi mwa tianapiye tija kanakula n'kukhala tambala wa khosi lofiira. M'mawa umene Nangondo anachira, mudzi unamva mawu awiri amene unali utawaiwala. Kunja tambala analira, mawu ake osakhwima, okhotakhota. M'nyumba munalira khanda, lamakutu otambalala ngati a Kadango. Pachitsime sipanamvekenso manong'onong'o.

Ndiye iwe, usamafulumire kunena kuti chapita chatha, ndipo usamaweruze mnzako pa chinthu chimene maso ako sangalowemo. Tambala wanu munapha dzana pophikira alendo, lero wati mazirawa ndi okazinga basi. Asiye, thadzi likhalire. Pakatha masabata atatu udzandiitane, tidzawerenge makosi.

Nthano yanga ndi imeneyo, yathera pomwepa.