Luzi pa Mwendo wa Apongozi

Kalekale, dziko lisanathine chonchi, pamudzi wina wa m'mphepete mwa dambo panali mayi wamasiye, a Nangondo, mmisiri woumba mbiya. Anali ndi ana aakazi atatu, onse okwatiwa, ndipo amuna awo ankakhala pachikamwini pomwepo. Pakhomo panali pamtendere ndithu. Nkhokwe inkadzaza, nkhuku zinkaswa, adzukulu ankangothamangitsana pabwalo mpaka dzuwa kulowa. Kutsidya kwa dambo mayiwo anali ndi dimba lachonde, la kasupe mmodzi wosaphwa ngakhale m'chilimwe, nthochi ndi nzimbe zosatha.

Koma panali zinthu ziwiri zimene a Nangondo sankaseka nazo. Choyamba, mwambo. Mkamwini akawaona akubwera m'njira ankapatukira kutchire. Akafuna kulankhula nawo ankanjuta patali, nkhope kumbali, mawu n'kudzera mwa mkazi wake. Zoti mkamwini n'kukhudza apongozi, a! Ngakhale kumaloto. Chachiwiri, njoka. Kwa iwo njoka inali njoka basi, kaya yaing'ono, kaya yobiriwira, kaya yongodzidutsira. "Iphani, muotche, phulusa mukataye kudzala!" ankatero. Musaseke, ena mwa inu mumakuwa mukangoona chingwe paudzu.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, a Nangondo anapita kukatenga nkhuni zootchera mbiya, zimene anaziunjika pansi pa nkhokwe. Atangosolola chikuni chimodzi, kanthu kanawalasa pamwamba pa kakolo. Poyang'ana anangoona mchira wofiirira ukulowa m'nkhuni muja.

"Mayo ine! Ndafa! Njoka yandiluma!"

Ana awo anathamanga, anansi nawonso. Mwana wamkulu anatenga luzi n'kumanga mwendo uja pansi pa bondo monga ankachitira anthu nthawi imeneyo, n'kupotokola ndi kamtengo mpaka luzi kulowa m'mnofu. Sipanatenge nthawi, mwendo unayamba kutupa, kenako kuda, kenako kuzizira. Aliyense anagwira pakamwa. "Ululu uja wayamba," anatero. Sing'anga wodziwa za njoka ankakhala kuseri kwa phiri, ulendo woti pobwera akanapeza anthu akulira maliro.

A Nangondo anagona pamphasa pabwalo, misozi ili chuchuchu. "Luzi ili asamasule munthu," anatero. "Wolimasula ndiye wandipha, chifukwa ululu uthamangira kumtima. Koma mverani nonse. Amene andipulumutse lero, dimba lija ndi lake, kasupe ndi nthochi zomwe."

Mkamwini woyamba anali Chimwaza, katswiri wokumba mbewa, munthu wa manja achangu. Iyeyu anapeza amuna atazungulira mulu wa nkhuni ndi zibonga, wina atabwera kale ndi muuni wa moto kuti aotche mulu wonsewo, osaganiza n'komwe kuti pamwamba pake pali chimanga cha chaka chonse. Chimwaza anawatsekereza. "Dikirani, anzanga. Mukaiphwanya mutu tidziwa bwanji chimene chaluma apongozi? Njoka zikaphwanyika zonse zimafanana." Anayamba kuchotsa nkhuni chimodzichimodzi, thukuta lili kamukamu. Kunena zoona, mitundu ya njoka sankaidziwa. Mumtima ankangoti mwina ndi mwana wa mamba, lero ana anga akhala amasiye. Komabe itangotulutsa mutu anaipanikiza ndi ndodo ya mphanda, n'kuiponya mu mbiya yaikulu, n'kuvundikira ndi lichero, yamoyo, yosavulala.

Mkamwini wachiwiri anali Bauleni, mmisiri wofolera nyumba. Pantchito yakeyo ankakumana ndi njoka m'madenga akale chaka ndi chaka, ndipo anali ndi khalidwe limene anzake ankamuseka nalo: m'malo modumpha, iye ankayamba wayang'ana. Anavundukula lichero pang'ono n'kusuzumira, osapupuluma.

"Fulumira, iwe! Munthu akufa apa!" anakuwa anthu.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anayankha Bauleni. "Bwerani muone nokha. Mutu wake ndi woonda, si wotambalala ngati wa mphiri. Sikudzutsa khosi ngati mamba, ikungofuna pobisala. Onani timizere toyerati tikudutsa m'mbali mwa maso ake, ndi khungu lonyezimirali." Anaigwira pakhosi n'kuitsegula kukamwa ndi kaudzu. "Timano ting'onoting'ono tokhatokha, mano aatali aululu mulibe. Imeneyi ndi chakusa. Imadya makoswe. Ikanakhala munthu tikanailipira, chifukwa ndiyo yakhala ikulondera nkhokweyi."

Kenako ananjuta kuseri kwa nkhokwe n'kuitana mkazi wake, Mwatitha. "Kawauze amayi kuti njokayi ilibe ululu. Chikutupitsa mwendo ndi luzi."

Mwatitha anakanena. Yankho linabwera mwaukali, moti aliyense anadzimvera yekha. "Kamuuze mwamuna wakoyo kuti mwendo ukutupawu ndi wanga, si wake!"

Bauleni sanakangane nawo. Anapisa dzanja mu mbiya, njoka ija n'kumuluma chala, iye n'kukweza chalacho m'mwamba kuti onse aone timadontho ta magazi. Atatero anakhala pansi n'kuyamba kudya mtedza. Anthu anadikira kuti agwe, koma munthu ankangotafuna. Mukuganiza kuti a Nangondo anagonja? Simukuwadziwa! "Ameneyo anatemera mphini za njoka kwawo," anatero. "Luzi likhale." Bauleni anapukusa mutu, chisoni chitamugwira, koma anakhalabe kuseri kwa nkhokwe, poti mwambo ndi mwambo.

Mkamwini wachitatu anali Kaliwo, mwamuna wa mwana wotsiriza, wobwera chaka chomwecho, wamanyazi koopsa moti apongozi ake anali asanamumvepo ngakhale kutsokomola. Za njoka sankadziwa kanthu, ankazithawa ngati wina aliyense. Koma kwawo ankaweta mbuzi, ndipo anaonapo mbuzi itakodwa ndi chingwe pamwendo tsiku lathunthu, mwendowo n'kuwola mpaka kuduka. Anayang'ana chala cha Bauleni, chosatupa. Anayang'ana chamumbali mwendo wa apongozi, zala zitayamba kuda bii. Anayang'ana ana atatu aja, onse akulira, koma palibe wofuna kudzatchedwa wopha mayi ake.

Kaliwo anasolola mpeni wake wosemera mipini, n'kudutsa pakati pa bwalo anthu onse akuona, n'kugwada kumapazi kwa a Nangondo, n'kugwira mwendo uja ndi manja ake awiri.

"Malodza!" anakuwa amayi ena, akuphimba kumaso ndi nsalu.

"Bambo, mwapenga?" anatero a Nangondo. "Chokani apa! Mkamwini wa mtundu wanji inu?"

"Amayi," anatero Kaliwo, "mudzanditukwane mawa muli ndi miyendo iwiri."

Luzi lija analidula.

Magazi atayamba kubwerera, mwendo unalasalasa ngati mwalowa nyerere, ndipo a Nangondo anakuwa kuti ululu wafika kumtima. Anatsanzika ana, anatsanzika adzukulu, anagawa mbiya zawo, n'kutseka maso kudikira imfa. Anadikira. Imfa sinabwere. Chimene chinabwera ndi njala. Mthunzi wa nkhokwe utatalika anatsegula diso limodzi n'kufunsa motsitsa mawu ngati mbatata ya m'mawa ija inatsalako. Pabwalo ponse panagwa phwete, mpaka eni ake anaseka misozi ikadali m'masaya. Mwatitha atatsuka bala anapeza timikwingwirima chabe, ngati munthu wakalidwa ndi minga.

Pasanathe masiku ambiri mayiwo anali akuponda dothi la mbiya ndi mwendo womwewo. Njoka ija Bauleni anaibwezera pansi pa nkhokwe. A Nangondo sanaikonde ayi, tisanamizane, koma akaiona ikuothera dzuwa ankangoilambalala n'kunena kuti, "Gwirani ntchito yanu, ine yanga." Adzukulu anawapatsa lamulo latsopano: njoka iliyonse ya pabwalo asaigwire, asaigende, aime patali n'kuitana Bauleni adzaione kaye. Chaka chimenecho chimanga chinafika mpaka kukolola kwina osamva khoswe m'nkhokwe. Kaliwo naye anapereka nkhuku yopepesera chifukwa cholakwira mwambo. A Nangondo anailandira, anaiphika okha, n'kutumiza chiwalo chonona kunyumba kwa Kaliwo yemweyo.

Zonse zinali bwino, kupatula dimba. Lonjezo lapagulu silibwezedwa. Ena anati angoligawa patatu, koma mayiwo anakana. "Kasupe ndi mmodzi," anatero. "Dimba logawana akamwini atatu limabala ndewu, osati nthochi." Choncho anaitana ana awo atatu kuti aliyense anenerere mwamuna wake.

Mkazi wa Chimwaza anati, "Amayi, wanga ndiye anaika moyo wake pachiswe. Anagwira njoka osadziwa ngati ndi yakupha. Akanapanda iye, njoka ikanapsa pamodzi ndi nkhokwe, ndipo alamu angawa akanayang'ana chiyani? Phulusa?"

Mwatitha anati, "Kugwira njoka n'kuiika mu mbiya sikuchiza munthu. Ndani anaizindikira? Ndani anati vuto ndi luzi? Wanga anapereka chala chake, ndipo anachita zonsezi osakuchititsani manyazi ngakhale pang'ono."

"Chala anapereka akudziwa kale kuti sichipweteka," anayankha mng'ono wawo, mkazi wa Kaliwo. "Nanga mawu ake anamasula luzi? Mwendo unkafa iye akudya mtedza kuseri kwa nkhokwe! Wanga sankadziwa njoka, anangokhulupirira mnzake. Zikanalakwika, akanathamangitsidwa pamudzi pano ngati mfiti, ine n'kukhala wopanda banja. Anataya ulemu wake kuti inu muyende."

"N'chifukwa chake sayenera," anatero Mwatitha. "Mukamupatsa dimba, mawa mkamwini aliyense azingolowa m'nyumba ya apongozi osaodira."

A Nangondo anamva zonsezi akusisita mwendo wawo. Anayang'ana kudambo kumene nthochi zinkagwedezeka ndi mphepo. Onse atatu ankawakonda, ndipo nkhani imeneyi inawasowetsa tulo kuposa njoka ija.

Ine ndafika nayo pamenepa, ndipo musandiyang'ane ngati ndabisa yankho m'thumba. Wina anagwira chimene sankachidziwa, wina anadziwa koma anasunga mwambo, wina anaphwanya mwambo n'kudula luzi. Inu amayi mukupukusa mutu uko, ndi inu bambo amene mwakhalapo pachikamwini, tandiuzani: mwendo umenewo ukanakhala wa mayi anu okuberekani, dimba mukanapatsa ndani?