Mkamwini Kadzuwa ndi Ana a Tombolombo

Kalekale, m'mudzi wina wa m'mphepete mwa dambo, munali mkamwini dzina lake Kadzuwa. Mkazi wake Nangozo ankamukonda ndi mtima wonse. Koma apongozi ake aakazi, iii, ukali wawo ngati tsabola!

Chaka china udzudzu unavuta, makanda onse matupi ali totupa tokhatokha. Nangozo atabereka, apongoziwo anati, "Mwana wanga, ukawauze amuna akowo aluke mphasa yatsopano. Mdzukulu wanga asagone pachiguduli. Akalephera, azipita kwawo."

Kadzuwa anatenga chikwanje, ulendo wa kudambo kukadula bango. Atangokweza dzanja, anamva kamawu: "Pepani bambo, taimani kaye!" Anali tombolombo wofiira piriwiri, atatera pansonga ya bango.

"Ana anga ali m'madzimu," anatero tombolombo. "Akakhwima amakwera bango lomweli, n'kuvula khungu, n'kuuluka. Mukalidula, akwera chiyani? Tipatseniko masiku atatu."

Kadzuwa anakumbukira khanda lake, chifundo n'kumugwira. Anabwerera chimanjamanja. Mawa lake, chimanjamanja. Mkuja wake, chimanjamanjanso.

"Mwamuna wanji woopa bango?" anakalipa apongozi. "Amange katundu wake!"

Nangozo analira. Kadzuwa anamanga kamtolo kake mtima ukuwawa, chifukwa ankasiya mkazi ndi mwana.

Asanatuluke pabwalo, kumwamba kunachita bii! Atombolombo! Ofiira, obiriwira, achikasu, osawerengeka. Anazungulira nyumba ya Nangozo, wakha udzudzu apa, wakha udzudzu apo. Kuseri kwa nkhokwe, wakha! Pakhonde, wakha! Pofika madzulo panalibe kaudzudzu kolira, ndipo khanda linagona tulo tofa nato.

Wofiira uja anatera pakamtolo paja. "Bambo, awa ndi ana aja. Onse auluka. Bango lija kaduleni tsopano."

Apongozi anamva zonse. Mayi aja, amene anali asanagwadirepo munthu, anagwada chapatali, nkhope atayang'ana kumbali monga mwa mwambo. "Bambo a mwana, masulani katunduyo. Tinalakwa ndife. Pano ndi panu."

Kadzuwa misozi inalengeza m'maso. Anatembenukira kudambo n'kuomba m'manja, phu, phu, phu. "Zikomo, anzanga. Mwandibwezera banja langa."

Nthano yanga yathera pomwepa, ana inu. Kanthu kakang'ono kakakupemphani chifundo, musakanyoze.